Liwu loti kulimba

Amayi akamasimba za chivomezi cha ku Salima cha mu Malichi 1989, salephera kutchula khoma la agogo lomwe linang'ambika kuchokera pazenera mpaka pansi. Ine ndinali ndisanabadwe. Chaka chino ndikuwamangira nyumba komweko.

Miyezi yomweyi ndakhala ndikumasulira kabuku ka zomangamanga, ndipo liwu loti kulimba landisowetsa tulo. Ife timati mphika ndi wolimba, nsungwi ndi yolimbanso. Koma mphika ukagwa umasweka, pomwe nsungwi imawerama n'kudzukanso. Konkire wamba ali ngati mphika: amasenza katundu wolemera, koma nthaka ikamukoka uku ndi uku amathyoka mwadzidzidzi. N'chifukwa chake timamuikira zitsulo.

Ofufuza akufuna konkire wa khalidwe la nsungwi. M'zaka za m'ma 1990, Victor Li wa ku yunivesite ya Michigan anapanga konkire wosakaniza ndi timaulusi tapulasitiki. Akapanikizika amachita timing'alu tambirimbiri tonga tsitsi m'malo mwa mng'alu umodzi waukulu, ndipo ku Japan anamugwiritsa kale ntchito pa nyumba zosanja. Ena akuphunzira kwa Aroma, omwe denga lawo la Pantheon latha zaka pafupifupi 1,900 lopanda zitsulo. Mu 2023 akatswiri a ku MIT anaonetsa kuti timibulu ta laimu ta m'konkire wachiroma timasungunuka madzi akalowa, n'kutseka mng'alu.

Palinso utsi. Kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni womwe anthu timaipitsa nawo mlengalenga. Simenti ya LC3, yosakaniza dongo lowotcha ndi miyala ya laimu yopera, imatha kuchepetsa mpweyawo ndi 40 peresenti.

Zonsezi sizinafike pamalo pathu. Chomwe chinafika ndi mmisiri wanga, akundinong'oneza kuti, "Achemwali, tikawonjezerako mchenga ndi madzi, matumba awiri atsala." Ndalama zinali zitandithera, ndipo ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma madzi akachuluka konkire amafooka, ndipo Salima ali m'chigwa momwe nthaka ikung'ambikabe. Ndinakana. Tinathira lamba wa konkire wazitsulo kuzungulira makoma onse, malata n'kudikira kaye.

M'kabuku muja ndinalemba kuti "kupindika osathyoka." Amayi sanakawerenge. Kwa masiku asanu ndi awiri ankadzuka m'mamawa ndi ndowa, kuonetsetsa kuti anyamata athirira lambayo asanaume.