Kusambitsa Galu

M'midzi yambiri ya Acewa munthu wosambitsa galu amasekedwa. Amati ndi mkhalidwe wa Azungu, amene amagoneka agalu m'nyumba. Koma osekawo ndiwo amanyadira galu akagwira kalulu, kapena akauwa fisi usiku pa khola la mbuzi. Tsono galuyo akafa mwadzidzidzi amati mnansi wampatsa mankhwala akupha, ndipo mlandu umafika kwa amfumu, pamene wakupha weniweni anali m'khutu mwa galu momwemo.

Wakuphayo ndiye nkhupakupa. Imabisala m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala, niyamwa mwazi, nisiya m'thupi tizirombo tosaoneka ndi maso timene timaononga mwaziwo. Pakapita masabata awiri kapena atatu galu amatentha thupi, nakana nsima. Nkhama zake zimayera mbuu, mkodzo nufiira. Maso sapeza msanga nkhupakupa muubweya, koma zala za wosambitsa zimaipeza. Phindu lalikuru la kusambitsa liri pamenepo. Fungo ndi nkhani yaing'ono.

Dzinja liri ndi mdani wina, ndiye nchenche yoikira mazira m'dothi la mkodzo, pamthunzi pogona tiana ta agalu. Mphutsi yake imalowa m'khungu nikula m'kacithupsa. Wodziwa amamata kaboo kake ndi Vaseline kuti isowe mpweya, ndipo pambuyo pake amaifinya.

Sopo wa mtengo wapatali safunika ai. Masamba a ombwe, osinjidwa, oviikidwa m'madzi usiku wonse ndi kusefedwa, amapha nkhupakupa ndi utitiri. Koma ombwe yemweyo ndiye amapha nsomba, cifukwa cace mwini galu wanzeru amasambitsira kutali ndi mtsinje, nasamala kuti madziwo asalowe m'maso mwa galu. Mankhwala a dibi ya ng'ombe, osasungunulidwa bwino, apha agalu ambiri a anthu ofuna zabwino. Kusambitsa kamodzi pa mwezi nkokwanira, popeza sopo wa masiku onse amaumitsa khungu.

Ciwewe cokha sicicoka ndi madzi. Galu wosalala ubweya angathe kukhala naco, ndipo comteteza ndi katemera basi. Kwa munthu wolumidwa mankhwala alipo kuyambira 1885, pamene mnyamata woyamba anabayidwa katemera wa Louis Pasteur ku Paris. Wolumidwayo ayenera kutsuka bala ndi sopo kwa mphindi 15, ndi kufika kucipatala tsiku lomwelo.