Laibulale yothamanga ndi nkhani ya ngwee: kwa anzanga olemba mapulogalamu ku Kabwe

Achinyamata angapo ophunzira za makompyuta ku Mulungushi University akhala akundifunsa chinthu chimodzimodzi: laibulale yothamanga kwambiri powerengera manambala ataliatali ndi iti? Ndikuyankheni nonse pamodzi, chifukwa kuno ku Germany kumene ndimagwira ntchito funsoli amalifunsa mosiyana ndi kwathu.

Vuto limayambira pa kasungidwe ka nambala. Kompyuta ikasunga nambala ngati double (mu Python imatchedwa float), potsatira muyezo wa IEEE 754 wa 1985, imaipatsa mabiti 53, ndiye kuti madijiti odalirika ndi 15 kapena 16 basi. Ndipo popeza imawerenga ndi 0 ndi 1, singasunge 0.1 ndendende. Tsegulani Python, lembani 0.1 + 0.2, muona 0.30000000000000004. Wina anganene kuti ka 4 kakumapetoko n'kachabe. Komatu ku Vancouver Stock Exchange anayambitsa index yawo pa 1000 mu 1982, koma pulogalamu yawo inkangodula manambala akumapeto nthawi iliyonse ikawerengera. Pofika mu Novembala 1983 inkaonetsa 524.811, pomwe yoyenera inali 1098.892. Theka lonse linasowa pang'onopang'ono.

Kuno ukatchula zothamanga, mnzako wa pantchito amayamba wakufunsa kuti manambala akowo ndi otalika bwanji, nanga ndi a chiyani. Akakhala athunthu ataliatali, pafupifupi aliyense amapita ku GMP, imene Torbjörn Granlund anaitulutsa koyamba mu 1991. Liwiro lake limachokera poti imasintha njira yochulukitsira malinga ndi kutalika kwa nambala. Ikakhala yaifupi imachita monga tinaphunzirira ku pulayimale, ikatalikirapo imatenga njira ya Karatsuba, kenako Toom-Cook, ndipo pa zikuluzikulu kwambiri imagwiritsa FFT. Python payokha imatha kusunga nambala yathunthu yautali uliwonse, koma pochulukitsa imalekezera pa Karatsuba. N'chifukwa chake nambala ikafika mamiliyoni a madijiti, gmpy2, imene imalumikiza Python ndi GMP, imaisiya kutali. Pa manambala osakhala athunthu, a sayansi amakonda MPFR yochokera ku France, yomangidwa pamwamba pa GMP, chifukwa yankho lake lililonse limakhala loyandikira kwambiri ku yankho lenileni. Palinso mpmath ya Fredrik Johansson, yosavuta kwa oyamba kumene.

Chomwe ndimasirira kuno si mayina amenewa, ndi khalidwe. Palibe amene amakhulupirira pakamwa pako kuti iyi ndi yothamanga. Umayesa ziwiri kapena zitatu pa deta yeniyeni ya ntchitoyo, umaonetsa zotsatira, wina amawerenga khodi yako, winanso amaona ngati laisensi yake ikulola. Kwathu ambiri timatenga imene taona pa YouTube, ikangoyenda pa laputopu basi, nkhani yatha. Ndikanakonda khalidwe loyesa lizike mizu m'makalasi a ku Mulungushi ndi ku Kwame Nkrumah University.

Komano tiyeni tinene zoona, abale anga. Ndani ku Kabwe akufuna madijiti miliyoni? Ntchito zimene mudzapatsidwe ndi pulogalamu ya pashopu, ya fizi ya sukulu, ya malipiro a antchito, ya gulu la chilimba, kapena yolandirira ndalama za Airtel Money ndi MTN MoMo. Pamenepa GMP si yankho. Ngakhale MPFR mutaipatsa mabiti 1000, singasungebe 0.1 ndendende, chifukwa nayonso imawerenga ndi 0 ndi 1. Ndalama zimafuna kuwerengedwa m'makumi. Sungani ngwee ngati nambala yathunthu, K12.35 ikhale 1235, kapena gwiritsani decimal mu Python, BigDecimal mu Java, NUMERIC mu database. Kuyambira pa 1 Januwale 2013, pamene anachotsa maziro atatu pa kwacha, ngwee inabwereranso m'mabuku. Khobidi laling'ono kwambiri limene linatuluka nthawi imeneyo ndi la 5 ngwee, koma ku banki ndi pa foni ngwee imodzi imawerengedwa.

Palinso chinthu chimene laibulale iliyonse singakusankhireni. Tinene kuti kasitomala wagula zinthu zitatu, chilichonse cha K12.35, msonkho wa VAT wa 16% usanaikidwe. Mukawerengera chimodzichimodzi, msonkho ndi 1.976, mukaukweza ukhala K1.98, ndipo katatu ndi K5.94. Mukayamba mwaphatikiza, K37.05, msonkho ndi 5.928, ndiye kuti K5.93. Njira zonse ziwiri masamu ake ndi olondola, koma zasiyana ndi ngwee imodzi. Kuno zoterezi amazilemba m'chikalata cha ntchito munthu asanakhudze khodi, ndipo akauntanti amavomereza. Kwathu nthawi zambiri wolemba pulogalamu amasankha yekha mwakachetechete, ndiye kumapeto kwa mwezi mabuku akakana kugwirizana, mlandu umagwera mtsikana wa pa tilo. Zimenezi zimandipweteka kwambiri, chifukwa amene amadulidwa malipiro si amene analakwitsa.

Pali pena pomwe kwathu timaposa. Kuno anthu amakoka malaibulale olemera pa kantchito kakang'ono, poti intaneti siduka ndipo makina ndi atsopano. Inu amene munalemba khodi m'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri patsiku, mumadziwa kusamala batire ndi bandulo. Luso limenelo musalipeputse. Decimal imabwera kale ndi Python, simufunika kudawuniloda kanthu, ndipo kuyambira pa Python 3.3 imayendera libmpdec yolembedwa mu C, choncho pa ntchito ya ndalama liwiro lake ndi lokwanira ngakhale pa laputopu yakale.

Amene mukuchita kafukufuku wa masamu kapena mukuphunzira mmene makiyi a RSA a mabiti 2048 amapangidwira, ikani gmpy2, muyerekeze ndi Python yokha pogwiritsa timeit, pa manambala a kutalika kosiyanasiyana. Pa manambala aafupi kusiyana kwake kungakhale kochepa, ndiye onani pamene kukuyambira kuoneka pa makina anuwo. Amene mukulemba za ndalama, fufuzani m'khodi yanu paliponse pamene pali float, kenako mukakhale pansi ndi akauntanti mugwirizane ngati msonkho uziwerengedwa pa chinthu chilichonse kapena pa risiti yonse.