Nkhondo Ikatha, Ana a Ogonja Amapita Kuti?

Nthano zambiri zimathera pamene woipa wagwa. Wosimba amaomba m'manja, moto umazirala, ana n'kukagona mitima ili m'malo. Koma aliyense amene adaonapo mkangano wa ufumu pamudzi amadziwa kuti kukacha nkhani imakhala ikadalipo. Anthu amene ankaimira kumbuyo munthu wogonjayo amakatunga madzi pachitsime chomwecho, ndipo ana awo amasewera pabwalo lomwelo. Ndikaika mafilimu awiri a katuni a Disney pamodzi, The Lion King ya 1994 ndi yotsatira yake The Lion King II: Simba's Pride ya 1998, ndimaona kuti yoyamba ndi nthano ya usiku ija, pamene yachiwiri ikukamba za m'mawa mwake.

Pa luso palibe mpikisano, yoyamba idapambana kutali. Roger Allers ndi Rob Minkoff, amene adatsogolera ntchitoyo, adali ndi anthu, ndalama ndi nthawi. Ena mwa ojambula adapita ku Kenya mu 1991 kukaona okha mmene dzuwa limagwera pa udzu ndi mmene nyama zimayendera. Chigulu cha nyumbu chothamanga m'chigwembe, pamene Mufasa amafera, chidapangidwa mothandizidwa ndi kompyuta, ndipo mphindi zochepa zimenezo zidadya zaka zoposa ziwiri. Nyimbo adapeka Elton John ndi Tim Rice, zoimbira adakonza Hans Zimmer, ndipo mawu oyamba amene munthu amamva dzuwa likutuluka ndi a Lebo M wa ku South Africa, akuimba m'Chizulu. Filimuyo idalandira mphoto ziwiri za Oscar, zonse pa nyimbo.

Yachiwiri idabadwa ngati mwana wa m'nyumba yaing'ono. Sidayambire m'nyumba zoonetsera kanema, idatulukira pa tepi ya vidiyo. Adaitsogolera ndi Darrell Rooney, ndipo zambiri adajambulira ku nthambi ya Disney ya ku Sydney, ku Australia. Maso amaona kusiyanako msanga. Thambo silizama ngati poyamba, nyama zikasonkhana zimaoneka zochepa, ndipo nthabwala za Timon ndi Pumbaa zimamveka ngati ndiwo zadzulo zotenthetsanso. Nyimbo yotsegulira, yomwe ndi yabwino kuposa zonse m'filimuyi, ndi ya Lebo M yemweyo, koma idali itatuluka kale pa chimbale cha 1995. Gulu la Ladysmith Black Mambazo limamvekanso pa nyimbo ina, ndipo khutu la kuno limawazindikira nthawi yomweyo. Palinso chilema chachikulu pa nkhani yeniyeniyo: mikango yaikazi imene akuti inkatsatira Scar sitidaione ngakhale kamodzi m'filimu yoyamba. Olemba adangoitulukira kuti apeze poyambira.

Ngakhale zili choncho, filimu imene imandisowetsa tulo ndi yachiwiriyi, chifukwa cha funso limene ikufunsa.

Funso la yoyamba ndi lakuti mpando ndi wa yani. Yankho lake n'losavuta. Simba ndi mwana wa mfumu, Scar adaba ufumu popha mkulu wake, dziko lidauma chifukwa pampando padakhala wolakwika, ndipo mwini wake atabwerera mvula idagwa. Anthu ambiri amaifanizira ndi Hamlet ya Shakespeare, ndipo n'zoona kuti muli mfumu yophedwa ndi mng'ono wake komanso mzimu wa bambo woonekera kwa mwana. Koma ine chimene chimandikhudza ndi chibale chimene chili pakati pa Simba ndi Scar. M'Chingerezi mawu amodzi amakwanira mchimwene wa amayi ndi mchimwene wa bambo. Kwa ife si choncho. Scar si malume a Simba. Ndi bambo ake aang'ono, munthu amene Mufasa atamwalira akadayenera kulera mwanayo ngati wake. Ukaionera ndi maganizo amenewa, nkhondo ya kumapeto ija imakhala mwana akumenyana ndi atate ake, ndipo onse amene adaima ndi Scar amakhala anthu a m'banja lomwelo. Akulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Filimu yoyamba imathera pa chikondwerero isanatiuze kuti fupalo adalitaya kuti.

Yachiwiri imayambira pomwepo. Simba tsopano ndi mfumu ndiponso bambo wa mwana wamkazi, Kiara. Otsatira a Scar, motsogozedwa ndi Zira, adawapitikitsira kudziko louma la zulu za chiswe, kumene chakudya ndi madzi n'zosowa. Kumeneko kukukulira ana atatu, ndipo maina awo a Chiswahili amanena zonse. Kovu ndiye kuti chipsera. Vitani ndiye kuti kunkhondo. Nuka ndi mawu amene ife sitifunika kutimasulira, chifukwa ndi achibale a mawu athu akuti kununkha. Tangoganizani mwana woitanidwa choncho tsiku lililonse ndi mayi wake. Filimuyo imanenetsa kuti Kovu si mwana wobala wa Scar, adangosankhidwa kuti adzalowe m'malo mwake. Komabe mlandu wa munthu amene sadamubale wamuyembekezera iye asanadziwe n'kusaka komwe.

Timati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Apa zatembenuka, adadya ndi akulu, m'mimba mukupota ana. Zira amagoneka Kovu ndi nyimbo yonena za kubwezera, kamvekedwe kake ngati ka mayi wotonthoza khanda, mawu ake a magazi okhaokha. Nuka, amene ndi wamkulu koma wosawerengedwa, amathera moyo wake wonse kufuna kuti mayi ake amuyang'ane kamodzi kokha. Amafa akukwera mulu wa mitengo pothamangitsa Simba, mitengoyo n'kumugwera, ndipo mpamene Zira amaweramira kwa iye ndi nkhope ya mayi. Imfa ya Mufasa imaliritsa chifukwa wafa ndi bambo wabwino. Ya Nuka imapweteka mwina, chifukwa wafa mwana amene palibe adamufuna ali moyo. Pambuyo pake Zira, mwa ukali, amakanda Kovu pa diso, ndipo mnyamatayo amatsala ndi chipsera chofanana ndi cha Scar. Amene adamudinda chizindikiro cha mdani ndi mayi wake yemwe.

Simba wa m'filimuyi nayenso si ngwazi yosalakwa. Ndi bambo wamantha amene amatuma Timon ndi Pumbaa kuti azizonda mwana wake ngakhale pa tsiku limene walonjeza kuti amusiya akasake yekha. Amalota akulephera kupulumutsa Mufasa, ndipo m'malotomo nkhope ya Scar imasanduka ya Kovu. Atagwera mumsampha wa Zira, amaweruza Kovu osamva mbali yake, ndipo nyama zonse, zomwe zija zinkagwada mokondwa pa chiyambi cha filimu yoyamba, zimaimba nyimbo yomupitikitsa, zina zikumugenda. Ndi gulu lomwelo, dziko lomwelo, koma tsopano tikuliona ndi maso a munthu wothamangitsidwa. Filimu yoyamba sidayerekeze kutionetsa ufumu wa Simba kuchokera kunja kwa mpanda.

Mafilimu awiriwa ndidawaonetsapo ana a mlongo wanga Loweruka lina, imodzi m'mawa, ina madzulo. Pa yoyamba adakhala chete, wamng'ono adalira pa imfa ya Mufasa, ndipo itatha onse adagwirizana kuti Scar adalandira zomuyenera. Pa yachiwiri m'nyumba mudabuka mkangano. Wamkulu adati Simba sadalakwe, pakuti Kovu adabweradi ndi cholinga chomupha. Mng'ono wake adati Kovu adali atasintha kale, ndipo mfumu ikadayenera kumufunsa kaye. Adalimbana mpaka nsima idazizira. Palibe adapambana, chifukwa onse awiri ankanena zoona. Kuyambira tsiku limenelo ndimayesa filimu ya ana ndi muyeso umenewu: kodi ikatha, anawo ali ndi choti n'kutsutsana?

Pali chinthu chinanso chimene munthu wa chigawo chino sangalephere kuchiona, ngakhale a Disney sadachikonze dala. The Lion King idatuluka mu Juni 1994, patangopita miyezi iwiri anthu a ku South Africa ataponya voti limodzi kwa nthawi yoyamba, ndiponso patangopita mwezi umodzi Amalawi atasankha mtsogoleri watsopano pambuyo pa zaka 30 za Kamuzu Banda. Ku Mozambique nkhondo idali itatha mu 1992, ndipo othawa kwawo ankabwerera kumidzi kumene akakhale moyandikana ndi anthu amene adamenyera mbali ina. Simba's Pride idatuluka pa 27 Okutobala 1998. Patapita masiku awiri, Desmond Tutu adapereka kwa Nelson Mandela lipoti la bungwe lofufuza zoona ndi kuyanjanitsa anthu. Pa zaka zinayi zimenezo maiko athu adachoka pa funso la filimu yoyamba n'kufika pa la yachiwiri. Kusintha mtsogoleri kudachitika pa tsiku limodzi la voti. Kudziwa chochita ndi amene adatumikira wakaleyo, ndi ana awo, kudatenga zaka, ndipo m'mabanja ena sikunathebe. Mlandu suola.

Mmene filimu yachiwiri imathetsera nkhondo yake muli nzeru, mulinso kufulumira. Magulu awiri akumenyana mumvula. Kiara ndi Kovu amaima pakati, aliyense kutsekereza kholo lake. Woyamba kuwoloka ndi Vitani, mwana uja adatchedwa dzina la nkhondo. Zira ataopseza kuti apha ngakhale mwana wake yemweyo, otsatira ake onse amamusiya. Chimene chidawatembenuza ndi kuona kuti mtsogoleri wawo amakonda chidani kuposa iwo. Kenako Zira amalendewera pa phompho, Kiara akumutambasulira dzanja, koma iye amakana ndipo amagwera mumtsinje wosefukira. Ndimalemekeza olembawo kuti sadamusandutse wabwino pa mphindi yomaliza, chifukwa alipo anthu amene chidani ndiye chuma chokha chimene adatsala nacho.

Kufulumirako n'kwakuti Simba amavomera kwa Kovu yekha kuti adamulakwira, kenako onse amabwerera kwawo ngati kuti zaka za njala zija sizidachitike. Palibe amene amatchulanso Nuka. Palibe bwalo, palibe nkhoswe, palibe wofunsa kuti n'chifukwa chiyani ana adalangidwa pamodzi ndi akulu. Kwathu kuno anthu oyambana sayanjana choncho. Amakhala pansi, aliyense n'kunena chakukhosi, wolakwa n'kupereka nkhuku kapena mbuzi, kenako n'kudyera m'mbale imodzi. Filimu ya mphindi 81 idalibe malo a zonsezo, koma kusowa kwake kumamveka.

Chosowa chachikulu adachitulukira ndi mdzukulu wamng'ono uja. Mikango yonse itakwera pathanthwe, adanditembenukira n'kufunsa kuti, "Amalume, nanga afisi aja ali kuti?" M'filimu yoyamba afisi ndiwo adali osauka a dzikolo. Ankakhala kumanda a njovu, kumalo amene Mufasa adaletsa mwana wake kupondako, ndipo Scar adawakopa ndi lonjezo limodzi lokha, lakuti sadzagonanso ndi njala. Ndiwonso adapha Scar atamumva akuwakankhira mlandu. M'filimu yachiwiri amangotchulidwa kuti adathawa, basi. Chiyanjano chonse chimene tikuombera m'manja ndi cha mikango yokhayokha. Kiara amatha kuuza bambo ake kuti ayang'ane adaniwo aone ngati pali kusiyana, chifukwa palibedi: ubweya umodzi, kubangula kumodzi. Akadakhala afisi, mawu amenewo sakadagwira ntchito. Ifenso fisi sitimupatsa mpata. M'nthano zathu ndi wadyera wopusitsidwa ndi Kalulu, ndipo usiku timati ndi wokwerapo mfiti. Mwina n'chifukwa chake ambiri timaonera mafilimu onse awiri osazindikira kuti pali gulu limene silidaitanidwe ku mtendere. Mwana wa zaka 7 adazindikira.

Wina atandifunsa kuti yabwino ndi iti, ndingayankhe kuti yoyamba, ndipo sindingachedwe. Ndi yokongola, nyimbo zake zimakhala m'mutu zaka ndi zaka, ndipo mawu a James Earl Jones ngati Mufasa palibe adawafikapo. Koma atandifunsa kuti ndi iti imene kholo liyenera kuonera limodzi ndi ana, osawasiya okha pa kanema, ndinganene yachiwiri. Muli kachigawo kena kachete kamene ana ambiri sakasamala. Simba akuyenda ndi Kovu pa lupsa, moto utangodutsa, akumufotokozera mbiri ya Scar imene Zira sadamuuzepo. Kenako amapalasa phulusa ndi phazi, n'kumuonetsa kammera kobiriwira kamene katuluka pansi pake. Aliyense amene adakulira kumene tchire limapsa mwezi wa Okutobala amadziwa kuti msipu umenewo umafuna mvula ndi kuutchinjiriza ku mbuzi. Patangopita mphindi zochepa, Simba yemweyo amapitikitsa mnyamatayo. Pamenepo mpofunika kuimitsa filimu, n'kufunsa ana kuti akadakhala iwo mfumu akadatani, ndipo n'kudikira yankho lawo ngakhale nsima izizire.