Konzani malo nsomba isanafike

Chaka chatha mu Okutobala, madzi akuphwa m'dambo la kuseri kwathu kuno ku Mtakataka, mwana wanga wa Sitandade 5 anabwera ndi timakumba tisanu m'chigubu. Anati akufuna kuweta, osati kudya. Ine ndinangoseka, n'kutikhuthulira m'ndowa, n'kuponyamo mkute wa nsima.

Kutacha, tinsomba tonse tinali titayandama chagada. Mwanayo sanalire, koma tsiku lonse sanandiyankhule.

Amene ananditsegula maso ndi bambo wina wachikulire, msodzi wa kunyanja. Anati madzi akatentha mpweya umachepamo, ndipo nsima ikamawola imamaliza wotsalawo. Ndowa ija inakhala padzuwa masana onse, ndiye mukudziwa kutentha kwa kuno. Wopha nsombazo ndinali ine.

Ulendo wachiwiri tinayamba ndi malo. Tinadula pakati mgolo wapulasitiki wa malita 200 n'kuuika pamthunzi wa mango. Pansi tinayala mchenga wotsuka ndi miyala yobisalamo. Madzi tinatunga pamjigo, chifukwa a kumpopi amakhala ndi klorini amene amapha nsomba. Pamwamba tinavindikira ndi waya kuopa amphaka.

Lero mumgolomo muli makumba anayi. Amadya madeya pang'ono, oti athe nthawi yomweyo. Loweruka lililonse mwanayo amachotsamo ndowa ziwiri za madzi n'kuthiramo atsopano, akalewo amathirira tomato. Sindimukumbutsa.

Makolo anzanga, mwana akabwera ndi kamoyo m'manja, musaseke ngati ine. Khalani naye pansi, mukonzere limodzi pokhala pake.