Masipoko 36 ndi khutu la mmisiri

Njinga zatsopano zambiri sizilowa m'dziko muno zili zomangamanga. Zimabwera m'makatoni: felemu payokha, malimu pamtolo, masipoko ndi manati m'timapepala. Zambiri mwa njinga zimene a kabaza amapalasa pakati pa Utale, Nkaya ndi Balaka n'zochokera ku India ndi ku China, ndipo iliyonse inadutsa m'manja mwa munthu woilumikiza.

Bambo wina wa ku Utale anagwirapo ntchitoyi pafakitale ina ku Lilongwe. Iye amati kumeneko munthu samanga njinga yonse. Uyu amalowetsa foloko m'felemu n'kupatsira mnzake wa tcheni ndi mapedulo, uyo amaika handulo ndi mabuleki, wakumapeto n'kuikwera kuti aone ngati ikuyenda mowongoka. Mmodzi akangochedwa, mafelemu amaunjikana pambali pake, kapitawo n'kudziwiratu pamene pavuta. Munthu amakhala chiimire tsiku lonse, ndipo pomaweruka zala zimakhala zitauma gwa.

Iyeyo anali wa mawilo, ndipo ukamufunsa za mawilo uyambe wapeza pokhala. Nthawi zambiri wilo limakhala ndi masipoko 36, mbali iyi ya habu 18, mbali inayo 18, ndipo sipoko iliyonse imapingasa zinzake zitatu isanafike pa limu. Kulowetsa masipokowo mwana aliyense angaphunzire. Luso lili pomanga. Ukalimbitsa mbali imodzi, limu imapendekera komweko n'kumakhula buleki. Ndiye mmisiri amazunguza wilo, diso lili pa limu, n'kumapotoza kanati pang'onopang'ono, apa kumanga, apo kumasula. Kenako amakhwabula masipoko ndi chala ngati akuimba bangwe. Yolira mosiyana ndi zinzake ndiyo idzayambe kuduka njinga ikadzasenza katundu.

Ongoyamba kumene amagwa pa pedulo ya kumanzere. Mazinga ake ndi otembenuza, amamangira kumanzere, kuti isamamasuke munthu akamapalasa. Wosadziwa amaikakamiza ndi sipanala mpaka mazinga kutha, njinga isanaponde n'komwe msewu.

Njinga ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief lomwe linayamba mu 2005, imalumikizidwanso m'Malawi muno. Kaliyala yake anaipangira makilogalamu 100, kutanthauza matumba awiri a chimanga, ndipo buleki yake imagwira munthu akaponda pedulo chambuyo. Koma kunena zoona, ndani ku Balaka anayezapo katundu asanamange pa kaliyala? Thonje, makala, nkhuni, mayi ndi mwana kumsana popita kuchipatala cha mishoni, zonse ndi pomwepo, m'njira za mchenga ndi minga.

Masiku ano bamboyu amakonza njinga pansi pa mtengo, kufupi ndi njanji, ndipo palibe womupatsira felemu kapena womulandira. Foloko, tcheni, mabuleki, zonse ndi yekha. Chimene amadandaula n'chakuti njinga zambiri zogula m'masitolo zimamangidwa mothamanga, gilizi wongopaka pang'ono, masipoko olobodoka, chifukwa womangayo amalipidwa potengera kuchuluka kwa njinga zomwe wamaliza. Munthu akabwera nayo yatsopano kudzaonetsa, iye amaigadabuza kaye miyendo m'mwamba n'kuyambiranso kumanga mawilo onse awiri, mwini wake akudikira pamthunzi. Nyengo yogulitsa thonje ikafika, malimu opindika amachuluka moti ena amagona pomwepo mpaka mawa.