Loko wa Chitseko cha Katundu pa Helikopita

Makaniko wa ndege amene wakhalitsa pantchito sakhutira pongoona kuti chitseko cha katundu chatsekeka, chifukwa helikopita imanjenjemera nthawi yonse imene ili m'mwamba, ndipo kunjenjemerako kumadya pang'onopang'ono kachitsulo ka loko pamodzi ndi bowo limene kamalowamo, mpaka chogwirira n'kumakhala pamalo pake pamene kachitsuloko kangogwira ndi nsonga yokha. Chitseko chotere chikatseguka m'mwamba chikhoza kuthothoka pa mahinjesi, ndipo icho kapena katundu wa m'katimo akhoza kukamenya mapiko ang'onoang'ono ozungulira a kumchira, amene amaletsa thunthu la helikopita kuti lisamazungulire lokha.

N'chifukwa chake kuyendera malokowa sikusiyidwa m'manja mwa mwini ndege. Kampani yopanga, monga Airbus Helicopters ya ku Marignane m'dziko la France, ikapeza vuto imatulutsa Service Bulletin, yomwe ndi kalata ya malangizo. Koma bungwe loyang'anira za ndege la EASA ku Cologne kapena la FAA ku America likatulutsa Airworthiness Directive, limenelo ndi lamulo lotchula mtundu wa ndege, ntchito yofunika ndi malire a nthawi, ndipo helikopita yopyola malirewo siloledwa kunyamuka. Kusiyana kwa ziwirizi kunaoneka momvetsa chisoni pa ndege yaikulu ya DC-10: chitseko cha katundu chitathothoka pamwamba pa Windsor ku Canada mu 1972, FAA sinakhazikitse lamulo koma inadalira malangizo a kampani, ndipo pa 3 Malichi 1974 ndege ya Turkish Airlines inagwa pafupi ndi Paris chifukwa cha vuto lomwelo, anthu 346 n'kufa.

Pantchito yeniyeniyo makaniko amayamba wapukuta girisi wakale, popeza girisi wosakanikirana ndi fumbi amabisa ming'alu ndi dzimbiri, kenako amaunika ndi tochi ndi kagalasi m'makona amene diso silifika. Amayeza kuti kachitsuloko kalowa mozama bwanji, amamvera ndi chala ngati sipuling'i idakali ndi mphamvu yobweza chogwirira, ndiyeno atakhoma chitseko amachikoka ndi kuchigwedeza, pakuti loko wotha amadziwika ndi kuseweraseweza kwake. Chitsulo chimene chadyeka kupyola muyeso wa m'buku la kampani sichiwongoledwa kapena kuwotchereredwa, chimasinthidwa basi, ngakhale mwini ndege atadandaula za mtengo ndi masiku odikira. Pomaliza injiniya wa chiphaso amalemba nambala ya lamulolo, tsiku ndi maola a ndege m'buku la mbiri yake, n'kusayinira.