Khasu Losatopa

M'mabuku a masamu a ku pulayimale mumakhala anthu osatopa, osadwala, ndiponso osapita kumaliro. Funso lawo limabwera motere: mlimi woyamba amamaliza ndime m'masiku 6, wachiwiri m'masiku 3, nanga akalima limodzi atenga masiku angati? Pa tsiku, woyambayo amalima 1/6 ya ndime, mnzakeyo 1/3. Tikaphatikiza tipeza theka, choncho yankho ndi masiku 2. Samu imeneyi ndimaikonda, pakuti imaphunzitsa mwana kufunafuna ntchito ya tsiku limodzi m'malo mothamangira kuwonkhetsa masiku.

Chimene chimandilasa mtima ndi chiweruzo chotsatira yankholo, chakuti wachiwiri ndi wakhama kuwirikiza kawiri, ndipo woyamba ndi waulesi. Bukulo silinena ngati ndime ya woyambayo ili pa dothi la katondo kapena pa mchenga, ngati khasu lake ndi lobuntha, ngati wabereka mwana kumbuyo. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti ganyu wopalira amachuluka mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitauma. Munthu amasiya munda wake uli thengo nakalima ndime ya wina m'mimba muli pululu. Liwiro la khasu lake tsiku limenelo limayeza njala kuposa khalidwe.

Samu imeneyi inatuluka m'kalasi kalekale. M'chaka cha 1911, Frederick Taylor wa ku America anasindikiza buku la The Principles of Scientific Management. M'menemo anafotokoza mmene ku fakitale ya Bethlehem Steel anakwezera katundu wa munthu wonyamula zitsulo kuchoka pa matani 12.5 kufika pa matani 47 pa tsiku. Malipiro a munthuyo anakwera kuchoka pa madola 1.15 kufika pa 1.85. Ntchito inakula pafupifupi kanayi, pamene malipiro sanafike n'kuwirikiza kawiri komwe. Mwana wa Sitandade 8 angathe kuona amene anapindula. Kuno kwathu ganizo lomwelo limaonekera pa sikelo, kumene wothyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje amayezedwa ndi makilogalamu a masamba amene wabweretsa.

Makolo athu anali ndi masamu awoawo. Pa dima, mudzi unkasonkhana m'munda mwa munthu mmodzi, mowa kapena thobwa zili pambali, nyimbo ikutsogolera makasu. Mnyamata akamaliza mzere wake ankabwerera kukakumana ndi nkhalamba pakati pa mzere wake. Palibe ankalemba kuti uje walima 1/6, pakuti onse ankadziwa kuti mawa dima lili kwa wina. Mutu umodzi susenza denga. Komabe ngakhale pamenepo samu ya m'buku imapunthwa: anthu 20 sangakumbe chitsime chimodzi mofulumira kuwirikiza ka 20, popeza m'dzenjemo mumalowa awiri okha.

Sindikunena kuti funsoli lichotsedwe m'mabuku. Wophunzira amene mawa adzakhale kapitawo, injiniya kapena wokonza bajeti ya boma ayenera kulidziwa bwino lomwe. Pempho langa kwa aphunzitsi n'lakuti, yankho la masiku 2 likalembedwa pa bolodi, afunsenso ana kuti atchule zonse zimene tazichotsa kuti yankholo likhale loona: mvula, malungo, ukalamba, mwana wodwala kunyumba. Mwana wozolowera mafunso awiri onsewa, tsiku limene adzagwire kaundula wa antchito adzayamba wafunsa chifukwa chake asanadule malipiro a munthu.